Msomali wa a Mphepo

Kwa Mphepo, Santhe
8 Meyi 2008

Wokondedwa mwana wanga Consolata,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi a Ronald ndi adzukulu anga. Kuno ndadzuka, bondo lokha ndilo likundikumbutsa zaka. Ana asukulu ako akukumvera? Za foni usandiuzenso. Makutu angawa ukuwadziwa. Tsiku lija unaimba pa foni ya abusa ndinangomva ngati njuchi yalowa m'botolo, ndipo ndinayankha kuti eya pa chilichonse. Mwina ndinavomera zogulitsa munda. Tizilemberana basi, dzanja likadali lamphamvu.

Nkhuku zanga za mikolongwe zilipo zonse makumi awiri. Chisiyireni fodya chaka chomwe amayi ako anamwalira, pamalo pano pali zii. Matenanti anapita, nyumba zawo zitatu zija madenga anagwa, zigafa zangoima. Olankhula pano ndife, ine ndi nkhukuzi, ndipo zambiri zimalankhula ndi izo.

Unafunsa kuti chakudya chake ndimagula kuti. Ndimagula kwa Mayi Ezelina, kuseri kwa chigayo pa Santhe. Sukuwadziwa. Anachokera ku Phalombe kalekale ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ina kuno, amunawo atamwalira iwo sanabwerere. Ali ndi kashedi ka malata akale. Lachinayi amayala tenti pansi n'kusakaniza madeya, soya wokazinga, nyenyeswa za usipa, zigoba za nkhono zootcha ndi kamchere. Chaka chino madeya ali mbwee, poti feteleza wa makuponi wagwira ntchito yake.

Ogula kwa iwo tilipo khumi ndi awiri, ndipo aliyense ali ndi msomali wake pakhoma. Matumba timakhala nawo awiriawiri. Lachisanu ndimapita ndi lopanda kanthu, ndimalikoleka pamsomali wanga, n'kutenga lodzaza lomwe andiikira pansi pake. Anga ndi a feteleza aja amayi ako analembapo ndi penti yofiira kuti L. MPHEPO, M wake wopendama ngati akufuna kugwa. Dzuwa likalowa Lachisanu thumba lina lili chikhalire mwini wake osabwera, Loweruka m'mawa Mayi Ezelina amalikweza panjinga n'kupita nalo okha kwa mwini wakeyo. Amati munthu saiwala njala ya nkhuku zake, akapanda kubwera ndiye kuti kwagwa kanthu. Ine sanandibweretserepo. Mbiri yanga ndi yabwino.

Kugula kwake sikutha mphindi zisanu, koma ndimabwerera dzuwa litapendeka. Ndimasiya mazira kutiyirumu, ndimaponya kalata yako, ndimasuzumira m'bokosi la kupositi, kenaka ndimakhala pabenchi la kushedi. Mayi Ezelina ali ndi mawu okwera ngati belu lasukulu, moti ndi munthu yekhayo amene ndimamumva osamuuza kuti abwereze.

Pempho langa ndi ili. Unditumizire tayala lakutsogolo ndi chubu chake. Sabata yatha linaphulika pamtsetse wa kumlatho ndili ndi thumba kumbuyo, ndipo ndinakapezeka muudzu miyendo ili m'mwamba. Usadandaule, ndinangosupuka chigongono. Thumba silinang'ambike.

Ndine bambo ako,
Lemani Mphepo

Area 25, Lilongwe
24 Meyi 2008

Okondedwa Bambo,

Kalata yanu ndalandira. Ife tili bwino, ana akupereka moni kwa agogo awo. Chigongono chili bwanji? Munapita nacho kuchipatala, kapena munangomangapo kansanza monga mwa masiku onse?

Nkhani ya kugwayo mwailemba ngati nthabwala, koma ine sindinaseke. Muli ndi zaka 68, Bambo. Makilomita khumi ndi anayi kupita, khumi ndi anayi kubwerera, katundu ali kumbuyo, hutala ya galimoto osaimva. Amayi anamwalira ine ndili m'kalasi kuno, ndinafika atawasambitsa kale. Sindikufuna kuti tsiku lina ahedi adzandiitanenso kuofesi n'kundiuza kuti ndikhale pansi. Ndili ndi mantha, ndikunena poyera.

Ndiye mumve zomwe takonza. Kuno atsegula sitolo yaikulu kwambiri, yoti munthu umakankha trole mkati. Amagulitsa leyazi, chakudya cha nkhuku zoikira chopangidwa kufakitale. Matumba ake ndi osokedwa ndi makina, ndipo pakapepala analemba zonse zomwe zili mkatimo. Ndi choyezedwa bwino, osati chosakaniza ndi fosholo patenti. A Ronald ali ndi mnzawo, a Frazer, amene amayendetsa lole yonyamula fodya kuchokera kwanuko kubwera ku okushoni. Popita kukatenga fodyayo lole imakhala yopanda kanthu. Avomera kuti azikutulirani matumba awiri pakhomo penipeni mwezi uliwonse. Inu ntchito yanu kungomasula ndi kuthira.

Chinanso, mundikhululukire ngati ndikupyola malire. Maureen wa azakhali anabwera kuno. Akuti pa Santhe anthu akulankhula zoti mumaswera pashedi ya mayi ameneyo. Sindikunena kanthu. Koma munthu wobwera, wopanda munda wakewake, akamasamala chotero bambo wofedwa amene ali ndi maekala makumi awiri, ife ana timayamba kuganiza.

Tayala sinditumiza. Mundiyankhe msanga.

Mwana wanu,
Consolata

Kwa Mphepo, Santhe
12 Juni 2008

Wokondedwa Consolata,

Moni kwa nonse. Chigongono chinapola kalekale, kansanza kanagwira ntchito.

A Frazer ako anafika. Munthu wabwino, koma injini sazimitsa. Anatula matumba pakhonde, ananena mawu ena omwe sindinawamve, ndipo pomwe ndimati nditereke madzi a tiyi n'kuti fumbi lokha likuoneka kumsewu. Tiyiyo ndinamwa makapu awiri ndekha.

Chilungamo ndichinene, leyazi wako ndi wabwino. Nkhuku zinayamba zamuyang'ana cham'mbali, lero zikumulimbirana. Mazira akwera kuchoka pa khumi kufika khumi ndi asanu patsiku, kungoti mkati mwake ndi motuwa. Ndinatapako pang'ono kukawaonetsa Mayi Ezelina. Anafikisa m'manja, ananunkhiza, n'kunena kuti, "Ameneyu ndi wabwino, sindinganame. Ine makina ndilibe." Sanakwiye n'komwe. Ndiye pano ndikusakaniza, theka wako, theka wawo, kuti pasakhale wodandaula.

Ku Santhe ndikupitabe. Tayala ndinalisoka ndi chingwe n'kuikamo chigamba cha tayala lina. Likuyenda modumphadumpha, koma likufika. Pamtsetse paja ndikumatsika n'kukankha, umve bwino pamenepo.

Za Maureen, mwana ameneyo anayamba kulankhula asanamere mano ndipo sanapumepo. Pabenchi paja timakhala anthu asanu, nthawi zina asanu ndi awiri, kukangana za mitengo ya fodya amene ena a ife tinasiya kulima. Mayi Ezelina sanafunsepo kukula kwa munda wanga. Amafunsa ngati ndadya. Ndine wokalamba, mwana wanga, za ukwati ndinathana nazo kumanda kwa amayi ako. Zamanyazi kuti ndizilemba zimenezi kwa iwe.

Ukudziwa kuti ndevu ndimameta Lachisanu lokha? Masiku enawo nkhuku sizidandaula.

Tayala lija ndikulidikirabe.

Bambo ako,
Lemani Mphepo

Area 25, Lilongwe
5 Julayi 2008

Kwa Mayi Ezelina,

Ndine Consolata, mwana wa a Lemani Mphepo, mphunzitsi kuno ku Lilongwe. Ndikhulupirira muli bwino.

Ndikukudziwitsani kuti bambo anga sazigulanso chakudya cha nkhuku kwa inu. Ine ndi amuna anga tikuwatumizira chochokera m'sitolo. Thumba lawo mulichotse pamsomali ndipo musawadzazirenso. Ndikupemphanso kuti musamapite kunyumba kwawo. Anthu akulankhula, ndipo bambo anga ndi munthu wolemekezeka mumpingo. Ali ndi abale awo owasamala.

Zikomo pa zomwe munawachitira.

Consolata Mphepo

Area 25, Lilongwe
5 Julayi 2008

Okondedwa Bambo,

Tili bwino tonse. Ndikulemba mwachangu poti a Frazer akunyamuka. Tayala losoka ndi chingwe! Ndinawerenga kawiri, mutu unandipweteka. Njingayo muwapatse a Frazer abwere nayo kuno, tikaikonzetse kwa amisiri enieni, matayala onse ndi mabuleki omwe. Makalata muziwapatsira iwowo akamabwera. Mazira mungathe kumagulitsa pagolosale ya pafupi ndi tchalitchi Lamulungu. Mupume, Bambo, munagwira ntchito mokwanira.

Mwana wanu,
Consolata

Kwa Mphepo, Santhe
2 Ogasiti 2008

Consolata,

Ndikulemba nditatsamira pakhoma, a Frazer akudikira, injini ikulira. Ndili bwino. Nkhuku zili bwino. Matumba ndalandira.

Njinga yatha mwezi. Amisiri a ku Lilongwe amapanga okha matayala?

Za kalata yomwe unalembera Mayi Ezelina ndinazimva kutchalitchi. Si iwo ananena. Ndi Maureen, amene wauza msika wonse kuti wapulumutsa munda wa amalume ake. Unakalembera ine, mwana wanga. Mayi uja sanalakwe kanthu. Ngakhale njinga itabwera lero, sindikudziwa kuti nkhope ndikaiika pati.

Moni kwa ana.

Bambo ako

Area 25, Lilongwe
30 Ogasiti 2008

Okondedwa Bambo,

Ife tili bwino, kaya inu? Kalata yanu inali yaifupi ngati yolembera boma. Ndikudziwa mwakhumudwa. Tsiku lina mudzaona kuti ndinachita chifukwa chokukondani.

Msika wa fodya ukutsekedwa posachedwa, ndiye ulendo uno ndi wotsiriza wa a Frazer chaka chino. Mwayi wake kusitolo kuja anatsitsa mtengo kwa ogula matumba ambiri nthawi imodzi. Ndakutumizirani asanu. A Ronald awerengera kuti akufikitsani mu Disembala, sukulu zikadzatsekedwa, ndipo ine ndidzabwera ndi ena. Muwaike pamatabwa kuti asachite chinyezi. Mwaona ubwino wake? Miyezi itatu yathunthu osadera nkhawa kalikonse, osadikira munthu aliyense.

Njinga anakonza, koma ndidzabwera nayo ndekha kuti tidzakambirane bwino. Makalata mungopatsira aliyense wopita ku Santhe. Ine ndiziponya kubokosi monga kale. Mundiuze za bondo, komanso ngati dzina lanu latuluka pa makuponi chaka chino.

Mwana wanu,
Consolata

Area 25, Lilongwe
18 Okutobala 2008

Bambo,

Masabata asanu ndi awiri, osalandira ngakhale mzere umodzi. Tsiku lililonse ndimafunsa kuofesi ya ahedi ngati kwabwera kalata, mpaka akalaliki ayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa.

Ngati mukundilanga, chilango chakwana. Ndine mwana wanu mmodzi yekha. Ndimadzimana kuti nkhuku zanu zidye bwino, ndipo malipiro ake ndi kukhala chete kumeneku? Chifukwa cha mayi wogulitsa madeya? Ndinaimbira abusa, akuti anasamutsidwa mwezi watha, atsopano sakukudziwani. Maureen akuti sanakuoneni pamsika, ndiye kuti mukupuma monga tinagwirizana. Zimenezo zokha ndizo zandikhazika mtima pansi.

Mdzukulu wanu Princess walemba mayeso bwino, akuti muuzidwe. Ndiyankheni, ngakhale mondikalipira.

Consolata

Kasungu
2 Novembala 2008

Kwa Mayi Consolata,

Ndine Ezelina wa pa Santhe. Pepani kuti ndikulemberani pomwe munandiletsa za kwanu. Nambala yanu ya foni ndilibe, ndiye kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi kuti akaisiye kusukulu kwanu. Bambo anu ali moyo. Ali m'chipatala kuboma kuno ku Kasungu, ndipo ine ndili nawo. Adokotala akuti ndi sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo wake sizikugwira, kulankhula akulankhula movutikira. Bwerani.

Ndikuuzeni momwe zinakhalira, kuti musamve za anthu.

Kalata yanu itafika mu Julayi ndinachita monga munanenera. Thumba lawo ndinalichotsa pamsomali, ndinalichapa, ndinalipinda n'kuliika pamwamba. Lachisanu lililonse matumba onse ankatha kutengedwa, osatsala ndi limodzi lomwe, ndiye Loweruka ndinalibe kopita. Sabata ino ndinapeza makoswe ayamba kuboola zinthu m'shedi. Ndinaopa kuti adya pomwe malemu amayi anu analemba dzina, poti bambo anu thumba limenelo salola n'komwe kuti likhudze matope. Ndinati ndikangolisiya pakhonde n'kubwerera, osalowa m'nyumba.

Ndinafika dzulo m'mawa. Chitseko chinali chotsegula. Ndinaodira kangapo, kuli zii. M'chipinda chapakhomo ndinaona matumba a leyazi atasanjidwa bwino pamatabwa. Chomwe chinandidabwitsa ndi nkhuku, sizimalira. Nditapita kukhola ndinawapeza ali pansi pafupi ndi chomwera. Akuti anagwa Lachitatu m'mawa akuthira madzi. Masiku atatu, mayi, ndi kutentha kwa mwezi uno. Ankamwa madzi a nkhukuwo mpaka anatha, ndi mazira aawisi omwe dzanja lamanzere limafikira. Nkhuku zisanu ndi imodzi zinafa ndi ludzu.

Musawaimbe mlandu anthu a m'mudzi wapafupi. Sabata yonseyi ali pamzere wa feteleza wa makuponi, amachoka m'mawa kubwerera madzulo. Ngolo yowanyamulira ndinakaipeza kutali.

Nditawadzutsa mutu n'kuwamwetsa madzi, anandiyang'ana. Kenaka anati, "Lero n'Loweruka?" Ndinati eya. Anaona thumba lili m'manja mwanga, n'kunena kuti, "Ndiye kuti linatsala." Ndinawakuwira kukhutu kuti eya, linatsala. Ndinanama, Mulungu andikhululukire. Linali lopanda kanthu.

Nkhuku zotsala ndasiyira mayi wina wa m'mudzimo kuti aziziona. Patebulo panali kalata iyi yolembedwa dzina lanu, ndaiika pamodzi ndi yangayi. Sindinaitsegule. Munda wa bambo anu sindikuufuna, mayi. Kwathu ku Phalombe ndinachoka ndili mtsikana, pano ndilibeko aliyense wondidziwa. Ndimadziwa momwe nyumba imakhalira ukakhala wekha, n'chifukwa chake ndinakhoma misomali ija.

Mukafika ine ndichoka.

Ezelina

Kwa Mphepo, Santhe
24 Okutobala 2008

Wokondedwa mwana wanga Consolata,

Moni kwa iwe, a Ronald ndi adzukulu anga. Sindikudziwa kuti kalatayi ikupeza liti. Unati ndizipatsira aliyense wopita ku Santhe. Aliyense ameneyo kuno sadutsa. Njira ya kwathu imathera pakhomo pano, wobwera amakhala wabweradi kwa ine. Kutchalitchi ndajomba masabata atatu, bondo latupa. Mwina makalata ako adzaza bokosi kupositi, ine osadziwa. Usaganize kuti ndakwiya. Ndinakwiya mu Ogasiti, zinatha.

Lero ndi Lachisanu. Ndinadzuka, ndinameta ndevu, ndinavala malaya abuluu aja, kenaka ndinakumbukira. Ndakhala pakhonde ndi malaya abwino mpaka dzuwa lafika pamutu.

Nkhuku zikuikira kuposa kale lonse. Mazira adzaza beseni, adzaza mphika waukulu wa amayi ako, ena ndayamba kukwirira kuseri poti aonongeka. Sindinaonepo mazira ambiri chotere m'moyo mwanga, ndipo ndilibe womupatsa.

Ndikuuze zomwe ndinalephera kulemba mu Juni, chifukwa bambo sauza mwana wake zotere. Ndili ndekha, Consolata. Ndikusungulumwa kwambiri. Ndawerenga, lero ndi tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi chilankhulireni ndi munthu. Dzulo ndinayesa kuimba nyimbo ya kwaya kuti ndimve ngati mawu akadalipo, anatuluka ngati chitseko chadzimbiri. Ku Santhe sindinkapitira madeya. Ndinkapita kuti pakhale munthu wondiona kuti sabata ino ndilipo. Chakudya chako ndi chabwino kuposa cha Mayi Ezelina, ndinanena kale ndipo ndikubwereza. Koma thumba la m'sitolo silidziwa mwini wake. Nditati ndisadzuke mawa, matumbawa angokhala pamatabwa mpaka Disembala.

Sindikukudzudzula. Unaopa kuti ndifera pamsewu, ndipo mwina unalondola. Ine ndikuopa zina.

Ukamabwera ubwere ndi njinga. Ndipo ngati ungathe, ulembe mawu awiri kwa mayi uja. Ine ndikapepesa ndekha, koma ako ndi amene akufunika.

Dzina langa pa makuponi latuluka, anandiuza mwezi watha. Sindikudziwa kuti ndikatenga bwanji.

Ndine bambo ako wokukonda,
Lemani Mphepo

Kwa Mphepo, Santhe
23 Novembala 2008

Okondedwa Mayi Ezelina,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino. Kuno tadzuka. Bambo tinatuluka nawo m'chipatala Lachinayi, ndipo ndili nawo pakhomo pano.

Tsiku lomwe ndinafika kuchipatala munandipatsa moni, munandionetsa pomwe pali mankhwala ndi zovala zomwe munachapa, n'kunyamula kachikwama kanu. Ine ndinangoima ngati mtengo. Ndimaphunzitsa ana kunena pepani tsiku ndi tsiku, koma ine ndinalephera. Pepani, mayi. Ndinakulemberani kalata yoipa ndisanakuoneni n'komwe nkhope. Ndinakuyesani wakuba, pomwe inu ndi amene munkachita zomwe ine mwana wawo sindinkachita. Manyazi andigwira, ndipo sindikudziwa kuti adzandichoka liti.

Dzulo ndinapita kupositi. M'bokosi ndinapezamo kalata yanga ya mu Okutobala, yowakalipira bambo kuti sakundiyankha. Ndaing'amba. Ndinadutsa kuseri kwa chigayo, ndinaona shedi yanu ndi misomali pakhoma, koma sindinalowe. N'chifukwa chake ndikulemba.

Bambo akuyenda pang'ono ndi ndodo. Mawu akubwerera. Dzanja lamanja adokotala akuti tisayembekezere zambiri, ndiye kalata ija munaipeza patebulo ndi yotsiriza yomwe ndidzalandire kwa iwo. Ndawapempha kuti tipite limodzi ku Lilongwe, akana. Akuti kutauni akafa ndi chipupa, ndipo manda a amayi ali kuno. Ulendo uno sindiwakakamiza. Ndikhala nawo mpaka sukulu zitsegulidwe mu Januwale. Tagwirizana ndi banja lina la m'mudzimu kuti lidzalowe m'nyumba imodzi ya matenanti tikaifolera, lizilima gawo la munda ndi kuwaphikira. Zimenezo zithandiza m'mimba. Koma anthuwo amalankhula motsitsa, bambo sawamva.

Njinga ndinabwera nayo. Ili pakhonde, matayala atsopano, mabuleki atsopano. Bambo amaiyang'ana, n'kuyang'ana kumbali. Sadzakweranso.

Lachisanu lapitali anandiuza kuti ndiwamete ndevu. Nditamaliza anafunsa malaya abuluu. Sindinawafunse kuti akupita kuti.

Leyazi watsala matumba awiri. Ndauza a Ronald kuti asagulenso. Pamodzi ndi kalatayi ndakutumizirani thumba lija la M wopendama, linzake lili kuno. Ngati msomali wawo simunaupereke kwa wina, ndikupempha kuti mulibwezere pamalo pake, ndipo Lachinayi mulidzaze monga kale.

Lachisanu bambo sabwera kudzalitenga. Sabata inayo sabweranso, ngakhale inzakeyo. Lizitsala sabata iliyonse, mayi, ndikudziwa. N'chifukwa chake ndikukupemphani.

Ine mwana wanu,
Consolata